Tsiku Limene Ndinadula Msewu wa a Walter

Ana anga, Tadala ndi Madalitso,

Mwakhala mukundinena kuti nkhani za kuntchito ndimaziyambira pakati n'kuzisiyira panjira, ndiye ndaganiza zozilemba mwadongosolo, poti nthawi tsopano ndili nayo. Ndikulemba ndili kwa Tadala ku Discovery Gardens kuno ku Dubai, kumene ine ndi amayi anu timathawira chisanu cha ku Canada chipumireni pantchito. Za ubwana wanga ndazidumpha dala. Azakhali anu amazifotokoza bwino kuposa ine, ngakhale amawonjezera.

Ntcheu ndi Jebel Ali, zaka zoyambirira

Giredala ndinaiphunzira ku Ntcheu, pa gulu lokonza misewu yadothi. Ndinayamba ndi kuthira girisi, kenako ndinakwera pampando. Ntchitoyo ndinkaikonda, koma inkaima kwambiri kuposa mmene inkayendera. Dizilo akapezeka, tayala laphulika. Tayala likabwera, mpeni wa giredala watha. Chaka china makina anagona pansi pa mtengo wa mango kuyambira mvula yoyamba mpaka anthu kukolola, ife tikungosewera bawo. Nditamva kuti kampani ina ikufuna oyendetsa makina ku Dubai sindinachedwe, ngakhale ndinali nditadutsa kale zaka makumi anayi.

Ku Jebel Ali tinkasalaza malo omangapo nyumba zikuluzikulu zosungiramo katundu wa padoko. Basi ya kampani inkatitenga kukampu kusanache n'kutibweza dzuwa litalowa. M'chipinda ndinkagona ndi Mzambia wina wa ku Chipata, amene tinkacheza naye m'Chinyanja, ndi anyamata a ku Nepal ndi ku Philippines. Kapitawo wathu anali a Rafiq, bambo wamfupi wa ku Pakistan. Dzina langa la Lameki linkawavuta, moti ankangonditchula dziko: "Yalla, Malawi, yalla!" Uko kunali kunena kuti ndifulumire. Zipangizo kumeneko sizinkasowa. Chitsulo chikathyoka m'mawa, masana chatsopano chafika. Chimene chinkasowa ndi mthunzi, komanso mpata woonana ndi mkazi wako. Amayi anu anali atanditsatira, akulera ana a banja lina ku Al Qusais n'kumagona komweko. Sitima ya Metro kunalibe masiku amenewo. Lachisanu, lomwe linali tsiku lopuma, ndinkasintha mabasi kudutsa mzinda wonse kuti tikapemphere limodzi ndi kumwa tiyi pa kalesitilanti ka Amwenye, kenako aliyense kwa bwana wake. Inu munali ku Malawi kwa azakhali anu.

Za Canada anandiuza ndi mnzanga wa ku Philippines. Msuweni wake ankagwira ntchito pa famu ya nkhumba ku Saskatchewan, ndipo anamva kuti makhonsolo a kumidzi akusowa oyendetsa giredala chifukwa achinyamata athamangira ku migodi ndi ku zitsime za mafuta. Ndinafunsira ntchitoyo, koma mapepala anachedwa mpaka ndinafika powaiwala. Atatuluka ndinakawauza a Rafiq, ndipo anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Malawi, ukudziwa kuti kumeneko munthu amauma ngati nsomba ya mufiriji?"

"Ndamva, bwana."

"Khalas, nkhani yatha, pita. Inshallah ukabwerako ndi zala zonse."

Saskatchewan, chaka choyamba

Kumene ndinakagwira ntchito amakutchula kuti RM, kutanthauza khonsolo ya kumidzi. Ndikufotokozereni bwino chifukwa kwathu kulibe chofanana nacho. Dera lake ndi lalikulu ndithu, koma anthu ake onse akhoza kukwana m'tchalitchi chimodzi cha ku Ntcheu. Dziko ndi lathyathyathya ngati tebulo, lopanda phiri ngakhale chulu, minda yokhayokha ya tirigu, kanola wopangira mafuta ophikira, ndi mphodza. Nyumba ili pano, ina ili kutali koti galu wa mnzako sungamumve kuuwa. Misewu ndi yamiyala, yowongoka, yodutsana ngati mizere ya pabolodi la dirafuti.

Olamulira ndi alimi eni ake. Amasankha wapampando, amene amamutcha rivi, ndi makhansala, aliyense woimira chigawo chake. Amakumana kamodzi pamwezi m'kaofesi ka m'tauni, ena atavala majombo a kukhola, n'kumakangana za misewu, makalavati, msonkho wa minda, ndi tinyama tina ta m'madzi totchedwa biva timene timatseka makalavati ndi timitengo. Olembedwa ntchito tinali ochepa: mayi Marlene mu ofesi, kapitawo wathu a Dale, ndi ine. A Dale anali bambo wamtali wosakonda kuyankhula. Nditawatchula kuti bwana tsiku loyamba, anapukusa mutu.

"Pano bwana ndi aliyense wolipira msonkho," anatero, "ndipo pofika Lachisanu onse akhala ali ndi nambala yako ya foni."

Sananame. Chipale chofewa chikagwa, foni inkalira ngati ndine dokotala. Giredala tinkaimangirira chikhasu kutsogolo ndi phiko lachitsulo pambali, n'kumakankha chipalecho kuti basi ya sukulu idutse, odwala afike kuchipatala, alimi akadyetse ng'ombe. Kuzizira kwake sindingakufotokoze kwa munthu wa kuno ku Dubai. Galimoto umailumikiza ku magetsi ngati nsimbi kuti injini isaume, ndipo ukagwira chitsulo ndi dzanja lopanda magolovesi chimakuluma ngati moto. Miyezi yoyamba ndinkayenda tsiku lonse osakumana ndi munthu, koma nkhandwe ndi mphepo.

Kusowa kwa zipangizo kunanditsatira ngakhale ku Canada. Miyala yothira pamsewu inkachokera kutali ndipo sinkakwanira, khansala aliyense akufuna ipite kuchigawo chake. Wamawu kwambiri pa onse anali a Walter, khansala wa chigawo cha kum'mwera, mlimi wa tirigu ndi ng'ombe. Koma muwadziwe bwino a Walter. Pamene ena ankakayikira zolemba munthu amene sanaonepo chipale, iwo ndiwo anamenya tebulo kuti ndilembedwe. Ndiwo anandipezera kanyumba ka lendi, ndiwonso anandipatsa chijasi cha malemu mchimwene wawo ataona kajekete kamene ndinachoka nako ku Dubai. Pa Khirisimasi yoyamba ndinadya kwawo.

Chinthu chinanso choti mudziwe ndi ichi: chilolezo changa chokhalira m'dzikomo chinali chomangirira pa ntchito ya khonsolo. Amayi anu anali atasiya ntchito ku Al Qusais n'kubwerera ku Malawi kukadikira mapepala a banja. Ntchito yanga ikanatha, chilolezo chikanatha, ndi mapepalawo akanafera panjira.

Epulo wa chaka chachitatu

Chaka chimenecho chipale chinagwa chambiri, kenako kunatentha mwadzidzidzi. Nthaka inali ikadali youma ndi ayezi pansi, ndiye madzi osungunukawo sankalowa, ankangoyenda pamwamba kufuna potsika. A Dale anali ku chipatala cha mumzinda atachitidwa opaleshoni ya bondo, ndipo makiyi a galaja anandisiyira ine.

Kum'mwera kwa dera lathu kunali kamudzi kakang'ono kotsalira: nyumba zochepa za anthu okalamba, holo, ndi chitsime chimodzi chimene onse ankamwa. Kumunsi kwa kamudziko kunkadutsa msewu wokwera, ndipo m'mawa umenewo msewuwo unasanduka khoma la damu. Kalavati yake inali yaing'ono, yodzaza ndi ayezi. Ndinayesa kuisungunula ndi makina a nthunzi kuyambira m'mawa, madzi anayamba kudutsa, koma ochepa poyerekeza ndi amene ankabwera. Ndinkaona ndi maso anga akukwera pa mizati ya mpanda. Nyumba yoyandikira kwambiri inali ya mayi Olga, mayi wamasiye amene ankayenda ndi ndodo ziwiri. Ndinawapeza ataima pakhomo, madzi atafika pa sitepe yapansi.

"Mayi, tiyeni ndikakusiyeni kutauni," ndinatero.

"Kutauni kwa ndani?" anandifunsa. "Akandiika kunyumba ya okalamba sindidzabwereranso. Iwe ingochotsa madziwa, si ntchito yako?"

Njira yochotsera madziwo inali imodzi: kudula msewu ndi katapila kuti awoloke. Koma tsidya linalo kunali dambo la a Walter, kumene kunaima nkhokwe zawo zachitsulo zodzaza ndi tirigu wosagulitsa. Msewu womwewo ndiwo unali njira yawo yachidule yopita kutauni, nthawi imene ng'ombe zawo zinkabereka.

Ndinaimbira mayi Marlene ku ofesi. Anati a rivi ali mundege, akuchokera ku ukwati wa mwana wawo, ndipo makhansala amene anawapeza pafoni anali kulimbana ndi madzi a m'zigawo zawo.

"Onse akuti uone iweyo amene uli pamalopo," anatero mayi Marlene. "Lamulo likufuna chilolezo cha khonsolo. Sindingakuuze kuti dula, Lameki. Sindingakuuzenso kuti usadule."

Ndinapita kwa a Walter. Ndinawapeza m'khola, manja ali magazi, atangothandiza ng'ombe kubereka. Ndinawafotokozera zonse. Anapukuta manja pang'onopang'ono.

"Dikira mpaka mawa," anatero. "Dzuwa likalowa kuzizira, madzi achepa mphamvu. Ndipatse tsiku limodzi ndichotse tirigu."

"A Walter, pofika mawa madzi akhala ali m'nyumba ya mayi Olga. Akalowa m'chitsime, kamudzi konse kalibe madzi akumwa."

"Ukudziwa bwanji? Wakhala kuno zaka zingati? Ine ndinabadwira pamunda uno."

"Sindikudziwa motsimikiza. Ndikungonena zimene ndaona pa mpanda."

"Ndine ndinakubweretsa kuno, Lameki."

"Ndikudziwa. N'chifukwa chake ndabwera ndekha m'malo mokuimbirani foni."

"Ukadula msewu umenewo," anatero, mawu atatsika, "pamsonkhano ndidzapempha kuti uchotsedwe ntchito. Ndakuuziratu."

Ndinabwerera pamsewu paja n'kukhala m'galimoto. Kunena zoona, zimene ananenazo zinali zomveka. Mwina kukanaziziradi. Mwina ndikanadikira palibe akanandiimba mlandu, chifukwa madzi si ine ndinawabweretsa. Ndinaganiza za iwe Madalitso, amene unali utauza kale anzako onse kusukulu kuti ukupita ku Canada. Ndinaimbira amayi anu ku Malawi, ndipo anamvetsera osandidula mawu mpaka ndinamaliza.

"Bambo a Tadala," anatero, "m'nyumbazo muli anthu?"

"Muli anthu."

"Nanga m'nkhokwezo?"

"Muli tirigu."

"Ndiye mukundifunsa chiyani?"

"Ndikufunsa chifukwa za Canada zikhoza kuthera pompa."

"Zikatha mubwera kunyumba. Tinkadya tisanaidziwe Canada."

Ndinaika zikwangwani zotseka msewu mbali zonse ziwiri, ndinawatumizira uthenga a Walter kuti ndayamba, ndipo ndinakwera katapila. Pamwamba panali pofewa, koma pansi dothi linali lolimba ngati simenti chifukwa cha ayezi. Ndinakumba, kukumba, mpaka kamtsinje kakang'ono kanayamba kudutsa. Zotsalazo madzi anamaliza okha. Anang'amba mpatawo ndi mkokomo woti ndinabweza katapila m'mbuyo msangamsanga, ndipo ndinaima n'kumaonerera nyanja yonse ija ikukhuthukira m'dambo la munthu amene anandipatsa chijasi chimene ndinavala tsiku lomwelo.

Dzuwa lisanalowe madzi anali atachoka pa sitepe ya mayi Olga, ndipo chitsime sanachifike. Ndinathamangira ku nkhokwe kuti ndikathandize. Anansi anali atafika kale ndi malole awo, akupopa tirigu, madzi ali m'mawondo. A Walter atandiona anangoloza kumsewu.

"Choka pamalo panga."

Ndinachoka. Tirigu wina anamupulumutsa, koma wapansi yense ananyowa n'kuwola.

Msonkhano wa khonsolo, mwezi womwewo

Masiku odikira msonkhanowo chakudya sichinkatsika. Ndinkagwira ntchito ngati kale, koma madzulo ndinkapezeka ndikuyang'ana sutikesi imene inali pamwamba pa kabati. Tsikulo litafika anandikhazika pampando wa pakona, pafupi ndi makina a khofi. A Walter anayankhula koyamba, ndipo sananame ngakhale pamodzi. Ananena kuti ndinawauziratu, kuti anandipempha tsiku limodzi, kuti ndinadula msewu wa khonsolo popanda chilolezo, ndi kuti usiku umenewo kunaziziradi monga ananenera. Atafunsa ngati ndili ndi mawu, ndinati zonsezo n'zoona, ndipo kuti za tirigu wawo zikundipweteka.

A Dale anabwera ndi ndodo za kuchipatala ngakhale dokotala anawaletsa. A rivi atawafunsa kuti iwo akanatani, anakanda chibwano.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina ndikanadikira, mwina ayi. Ndinali pabedi, iye anali pamsewu. Chimene ndikudziwa n'chakuti tonse m'chipinda muno takhala tikuidziwa kalavati imeneyo kuti ndi yaing'ono, ndipo chaka chilichonse tinkasankha kugula miyala m'malo moisintha."

Kenako a Walter anapempha kuti ndichotsedwe ntchito. Mwambo wa khonsolo ndi wakuti pempho liyenera kuikiridwa kumbuyo ndi khansala wina lisanavoteredwe. A rivi anafunsa ngati alipo woliikira kumbuyo. M'chipindamo munangoti zii. Wina ankayang'ana kapu yake, wina pawindo. A rivi anafunsanso, n'kudikira, kenako anati pempholo lagwa.

Sanandisiye choncho ayi. Anandipatsa chenjezo chifukwa chodula msewu popanda chilolezo, anagwirizana zowathandiza a Walter pa gawo la zimene anataya, ndipo anakhazikitsa lamulo lakuti pangozi kapitawo azitha kuchitapo kanthu a rivi akapanda kupezeka. Chenjezolo ndinalilandira ndi manja awiri. Nditatuluka panja ndinangokhala pansi pa sitepe ya ofesi m'matope momwemo. Mayi Marlene ananditsatira ndi kapu ya khofi wa shuga wambiri, n'kuima pambali panga. Madzulo amenewo ndinadya ngati munthu wochokera kundende.

Mapepala a banja anatuluka chaka chomwecho chisanathe. Amayi anu ndi Madalitso anafika chipale choyamba chitangogwa. Iwe Tadala zaka zako zinali zitapitirira malire a ana, ndipo ndikudziwa kuti zinakuwawa, ngakhale njira imene unadzitsegulira wekha ya ntchito za mahotela ndi imene yatipatsa pothawira lero.

Zaka zotsiriza

Msewu uja ndinaukonza ndekha nyengo yotentha itafika, n'kuikapo kalavati yaikulu yoti munthu angayendemo chowerama. A Dale atapuma, khonsolo inandipatsa ukapitawo. A Walter sanavote nawo, anangopinda manja. Kumeneko oyendetsa galimoto akakumana pamsewu amakweza chala chimodzi pa chiwongolero, ndiye moni wake. A Walter anasiya kundikwezera chala. Zaka zingapo zinadutsa tikupezana pamsewu wopanda munthu wina aliyense, iwo maso ali kutsogolo. Ndiye tsiku lina m'nyengo yokolola chalacho chinakwera, pang'ono chabe, ndipo ine ndinatsala pang'ono kulowetsa giredala mu ngalande.

Mayi Olga anamwalira patapita zaka, ali m'nyumba mwawo momwemo monga ankafunira. Kamudzi kaja lero katsala pang'ono kutha. Okalamba anapita, ana awo ali kumizinda, ndipo nyumba zina zimene ndinaziteteza tsiku lija zikugwa zokha. Nthawi zina ndimadzifunsa ngati tirigu uja anawolera chinthu chokhalitsa. Koma anthu aja anakhalamo zaka zawo zotsiriza akumwa madzi a chitsime chawo, ndipo kwa ine zimenezo n'zokwanira.

Pa phwando londitsanzika mu holo ya m'tauni, a Walter anabwera, atakalamba, akumva movutikira. Anandipeza pamzere wotenga chakudya.

"Ndikuonabe kuti ukanadikira," anatero mokweza, moti anthu anacheuka.

"Mwina, a Walter."

"Si mwina ayi. Ukanadikira." Anatenga supuni n'kundithirira mbatata m'mbale mwanga, zambiri kuposa zimene ndikanatha. "Koma msewu unaukonza bwino. Idya."

Tinakhala tebulo limodzi mpaka phwando kutha, tikukamba za mitengo ya ng'ombe.

Dubai, sabata yatha

Kuno mvula siigwa kawirikawiri, koma sabata yatha inagwa yamphamvu, ndipo madzi anadzaza pamalo oimika galimoto kunsi kwa nyumba ya Tadala. Sindinadziwe n'komwe kuti ndadzuka. Ndinapezeka ndili pansi, buluku nditapinda, ndikuyenda m'mphepete mwa madziwo kufufuza kumene akutsikira ndi pamene ngalande yatsekeka. Mutu unali utayamba kale kuwerengera kuti galimoto ziti zimire poyamba. Mlonda wa panyumbapo, mnyamata wa ku Mangochi, ankangondiyang'ana modabwa. Kenako ndinamva mawu a Tadala kuchokera pawindo.

"Adadi! Mukutani m'madzimo? Aimbira kale a lole yopopa, akubwera. Yalla, kwerani, tiyi akuzizira!"

Ndinaima pomwepo, madzi ali mu akakolo. Panalibe foni yolira m'thumba mwanga. Panalibe munthu wodikira kuti ndinene chochita. Madzi amenewo anali ndi eni ake, ndipo eni akewo anali m'njira. Ndinaseka ndekha mpaka mlonda uja naye anayamba kuseka, osadziwa chimene tikuseka.

Ndinatsitsa buluku, ndinakwera, ndipo ndinamwa tiyi wanga akadali wotentha.